Mimbayi Ndi Yachingati?

Sunthira kuno iwe Mwatitha, utsiwo ukukulowa m'maso. Akuti sunadye chifukwa mawa akakuunika? Ana a masiku ano inu. Makina aja saluma, sawotcha mwana, ndipo zoti amayamwa magazi ndi bodza la pamjigo. Ine Zelesi ndakhala gadiyani pachipatala pano kangapo, khitchini ino ndikuidziwa mpaka mafuwa ake. Khala apa ndikuuze za mng'ono wanga Elube. Amayi inu, kankhirani chikunicho mkati, nkhani iyi sifuna mdima wambiri.

Chaka chimenecho mvula inayamba msanga. Tsiku lina kutchalitchi analengeza kuti pachipatala chathu chaching'ono cha Chigumukire kubwera galimoto yochokera kuboma kuno ndi makina atsopano ounikira amayi apakati. Osati aja akale oonetsa chifunga chokhachokha, adokotala n'kumati uwu ndi mutu iwe ukuona dzungu. Awa akuti amaonetsa nkhope yeniyeni, mphuno, milomo, tizala, mtima ukugunda, magazi akuyenda. Akuti ngati mwana ali ndi vuto, kaya pamsana, kaya pamtima, kaya wagona molakwika, amaoneratu asanabadwe.

Mudzi wonse unatekeseka. Kumjigo nkhani inali yomweyo, kuchigayo yomweyo. Ine sindinali woyembekezera, koma ndinkangoyendayenda ngati makinawo akubwerera ineyo. Ndine munthu wokonda kuona zinthu ndi maso anga, zimenezo sindibisa. Ndiye poti Elube anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndinati basi, khomo langa lolowera ndi lomweli.

Koma Elube sankasangalala ngati ine, ndipo chifukwa chake ndinkachidziwa. Zaka zinayi m'mbuyomo anabereka mwana wakufa. Mukudziwa mwambo wathu kumapiri kuja. Mwana wotero timati mtayo. Salira maliro, sayimba nyimbo, abambo sayandikira. Amayi okhaokha timamukulunga m'kansalu n'kukamuika kudambo, m'kadzenje kosaya, chifukwa akuti mukakumba mozama mwakwirira ndi mimba ya make yomwe. Make samuonetsa, samuuza ngati anali wamwamuna kapena wamkazi, dzina sapereka, ndipo pa ana sawerenga. Ukamutchula akuti wamuitana, ndipo abwera kudzatenga mnzake amene ali m'mimba.

Ine ndinali m'gulu la amayi amene anakamuika. Elube sanandifunsepo kanthu, ine sindinamuuzepo kanthu. Anangodzuka pamphasa tsiku lachitatu n'kukatunga madzi, maso ouma gwa. Ndiye mimba yachiwiriyi ankaisunga ngati dzira. Sankaima pakhomo, sankadya mazira, ndipo dambo lija ankalizungulira ngakhale njira italike bwanji.

Tsiku la makina tinanyamuka m'mamawa. Ine ndinavala chitenje changa cha kuukwati, ndinaphika mbatata n'kuika m'basiketi. Alamu anga a Yotamu, amuna ake a Elube, anatiperekeza mpaka pamphambano n'kubwerera kumunda. Njira yozungulira inali itadzaza madzi chifukwa mtsinje unasefukira, ndiye panalibe kuchitira mwina koma kudutsa padambo penipeni.

Elube anaima m'mphepete, kuyang'ana nkhungu imene inaphimba udzu.

"Achemwali, tibwerere," anatero.

"Tibwerere chiyani? Anzathu akukaona nkhope za ana awo, ife tikaone nkhope ya a Yotamu? Tiye, gwira mkono wanga."

Tinalowa. Ine ndinkalongolola dala kuti asaganize zambiri. Ndinkati mwanayo akakhala ndi makutu a bambo ake tikapemphe adokotala awapinde akadali m'mimba. Anaseka pang'ono. Matope ankalira kumapazi kwathu, chapu, chapu. Titafika pakati, pafupi ndi katsinde ka mkuyu kamene mwa awirife ine ndekha ndinkadziwa kuti mpamene tinaika mwana uja, ndinasiya kulankhula kuti ndimeze malovu. Ndi pamene ndinamva kuti matope akulira kochuluka kuposa mapazi athu. Ife tikaponda kawiri, kumbuyo kunkamveka timapazi tofulumira, chapuchapuchapu, ngati ka munthu kothamangira akuluakulu.

Ndinacheuka. Kunali nkhungu ndi udzu basi. Ndinati ndi achule, n'kuyambiranso nkhani ya makutu, koma mawu anga sankatuluka bwino.

Tikutuluka m'dambo tinakumana ndi mayi wina atasenza mtolo waukulu wa udzu, moti nkhope yake inabisika. Miyendo yake inali yonyowa mpaka m'mawondo. Kwathu kulibe munthu amene sindimudziwa, koma mayendedwe amenewo sindinawazindikire. Tinapatuka kuti adutse.

"Mwadzuka bwanji amayi?" ndinamupatsa moni.

"Tadzuka," anayankha osaima. "Koma musamathamange chonchi. Mwanayo akutsalira, miyendo yake ndi yaifupi."

Analowa m'nkhungu, udzu wake ukugwedera. Elube anandifinya mkono mpaka zikhadabo zinalowa.

"Akunena mwana uti?"

"Wam'mimbayo, nanga uti? Anthu ena nthabwala zawo n'zosakoma. Tiye."

Ndinayankha mwaukali chifukwa nanenso ndinkaopa. Pamwamba pa chitunda tinakhala pamwala kuti Elube apume, ine n'kuvundukula basiketi. Mbatata imodzi inali yolumidwa kunsonga, timano tating'ono tooneka bwinobwino. Ndinaiponya kutchire msanga n'kunena kuti makoswe a kunyumba kwanga alibe ulemu.

Koma titangoona denga la chipatala, zonsezo zinandichoka. Anthu ake, amayi inu. Ngati tsiku la msika. Galimoto yoyera itaima pansi pa mtengo, injini ya magetsi ikulira kuseri, amayi apakati atadzaza khonde lonse mpaka pabwalo. Chipinda chimodzi anachitchinga mawindo ndi mabulangete kuti mukhale mdima, poti akuti kanemayo amaoneka bwino mumdima. Kunja dzuwa likuswa mtengo, m'katimo bii.

Tikufika, mayi wina anatuluka m'chipindamo akuimba nthungululu, chitenje chili m'manja.

"Ndamuona. Akuyamwa chala. Mphuno ndi ya abambo ake yeniyeni, yophwatalala. Akanenso tsopano kuti mimba si yawo."

Khonde lonse linafa ndi kuseka. Wina anatuluka atagwira pakamwa, akuti amuuza kuti ndi mapasa. Wina anatuluka ali chete, anesi atamugwira phewa, akuti mwana wake ali ndi mlomo wong'ambika koma amuuza kuti amasoka bwinobwino akabadwa. Amayi anamuzungulira kumulimbitsa mtima. Ine mapazi ankangondiyabwa.

Kenaka anatuluka mwini makinawo. Anali mayi wamfupi wa magalasi, wovala chijasi choyera chofika m'mawondo, dzina lake mayi Chingwalu. Anaomba m'manja kuti timve.

"Amayi, mwabwera ambiri, ndathokoza. Koma taonani kumwambaku. Mvula ikagwa masana ano mtsinje utitsekera, ndiye sititha kuunika nonse lero. Tiyamba ndi amene anapitapo padera, amene anaberekapo mwana wakufa, amene anachitidwapo opaleshoni, ndi amene akutaya magazi. Enanu amene mulibe vuto tidzakuonani mwezi wamawa. Chonde, anesi akakufunsani, nenani zoona."

Mwezi wamawa. Ine ndinayang'ana mimba ya Elube n'kudziwa kuti mwezi wamawa mwanayo adzakhala atabadwa kale, kaya bwino kaya moipa. Koma sindinade nkhawa, ndinati ife tili m'gulu loyamba.

Mzere unayenda mpaka tinafika patebulo la anesi.

"Dzina?"

"Elube Yotamu."

"Mimbayi ndi yachingati, mayi?"

Elube anayang'ana pansi. "Yoyamba."

"Simunapitepo padera? Simunatayepo mwana?"

"Ayi."

Ndinamutsina pantchafu. Sanagwedezeke n'komwe. Anesi anali achilendo, obwera ndi galimoto ija, ndipo Elube anali asanayambe sikelo chifukwa choopa funso lomwelo. Anamupima pamimba ndi manja, anamvetsera, n'kunena kuti zonse zili bwino, abwere mwezi wamawa.

Titafika kumapeto kwa khonde ndinamukalipira monong'ona.

"Iwe, mutu wako ukuyenda? Tadutsa matope onse aja kuti udzaname?"

"Sindinaname. Mtayo sawerenga, inu nomwe munandiuza."

"Zimenezo n'zakumudzi, kuno n'kuchipatala."

"Achemwali," anatero, maso ali psuu, "mwamva zimene ananena mayi uja kudambo. Ali pafupi. Ndikangomutchula, anditengera uyu. Ndipo inu mukangotsegula pakamwa panu, chibale chathu chithere pompano."

Ine ndine wapakamwa, aliyense amadziwa, koma pamenepo sindinabwerere kwa anesi. Mwana anali wake, mantha anali ake, ndipo kunena zoona nanenso ndinkaopa kuti mwina akunena zoona. Ndinamusiya atakhala pabenchi kumapeto kwa khonde, ine n'kupita kukazungulirazungulira pakhomo la chipinda chamdima ndili ndi mkwiyo wanga.

Mwayi unabwera wokha. Anaitana mtsikana wina wa kutsidya amene ankaopa ngati iwe Mwatitha. Ndinangomulanda kachikwama n'kunena kuti ndine azakhali ake. Iye anandiyang'ana modabwa, ine ndinamutsinzinira diso, n'kulowa naye.

Amayi inu, ndinaona zinthu. Mtsikanayo anagona pabedi, mayi Chingwalu anam'thira pamimba mafuta oterera ozizira a m'kabotolo, n'kutenga kachipangizo kokhala ngati sopo wa chingwe, kumayendetsa pamimbapo. Pakanema panayamba zamdimamdima, kenaka mwadzidzidzi nkhope. Nkhope ya munthu, masaya ake, tikope take, akuyasamula ngati watopa ndi ife. Ndinaiwala kuti ndine azakhali abodza, ndinaomba m'manja.

Mayi Chingwalu anaseka. Ankafotokoza zonse mofatsa. Uwu ndi msana, taonani mafupa ake andandalika bwino ngati mzere wa chimanga, palibe potseguka. Uwu ndi mtima, zipinda zake zinayi zonse zilipo. Anadina pena, pakanema panabwera zofiira ndi zobiriwira zikuthamanga, akuti ndi magazi akupita kwa mwana ndi kubwerera. Anadinanso, chipinda chonse chinadzaza ndi kugunda kwa mtima, gugu gugu gugu, kofulumira ngati atsikana awiri akusinja mumtondo umodzi. Mtsikana uja analira ndi chimwemwe, ine ndinalira naye ngati ndi mwana wa mlongo wanga weniweni.

Atamaliza, mayi Chingwalu anapukuta kachipangizo kaja n'kukaika patebulo. Mtsikanayo anadzuka, kumanga chitenje. Ndiye mtima unayambanso kugunda.

Gu. Gu. Gu.

Sunali wofulumira ngati woyamba uja. Unkagunda mofatsa, mwapansipansi. Tonse tinayang'ana patebulo. Kachipangizo kanali pomwepo, kataloza kudenga, osakhudza munthu aliyense.

"Magetsi a injini amatero nthawi zina," anatero mayi Chingwalu. Anazimitsa mawuwo, koma ndinaona akuyang'ana chingwe kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Ine sindinatuluke. Ndinadzipanikiza pakona, ndipo poti munali mdima, anandiiwala. Analowa mayi wina. Mayi Chingwalu anatambasula dzanja kuti atenge kabotolo ka mafuta, n'kugwira thabwa. Anafufuza patebulo, pansi pa bedi, m'matumba a chijasi. Kabotolo kanali katapita. Anatsegula katoni n'kutenga kena, akung'ung'udza.

Ali mkati mounika, chitseko chinatseguka pang'ono. Kuwala kunalowa pakampata kakang'ono, chitseko n'kutsekekanso. Chogwirira sichinatembenuke. Chinangokankhidwa cham'munsi, momwe amakankhira mwana amene safikira chogwirira. Patapita kanthawi ndinaona mayi Chingwalu akukutumula chijasi chawo kumbuyo osacheuka, monga umachitira mwana akamakukoka uli pantchito.

"Dikira kaye," anatero, maso ali pakanema. Kenaka anakutumulanso. "Ndati dikira. Mwana wa ndani ameneyu?"

Anacheuka. Kumbuyo kwawo kunali khoma, ndi ine pakona nditagwira pakamwa.

"Mayi, mwana wanu uja wapita kuti?"

"Ndilibe mwana muno, adokotala."

Anandiyang'ana. Kenaka anakoka mpendero wa chijasi chawo n'kuuyandikiza pakuwala kwa kanema. Panali ponyowa ndi mafuta aja, tizala tisanu.

Anamaliza kuunika mayi uja bwinobwino, ndiwayamikire pamenepo, manja awo sanasokoneze ntchito. Koma atamutulutsa sanaitane wina. Anatsegula chitseko n'kuima pakhonde, ine ndili pambuyo pawo. Kunja mitambo inali itada kale, mphepo ya mvula ikuwomba.

"Amayi, ndani wabwera ndi mwana wa zaka zitatu kapena zinayi? Akulowalowa m'chipinda muno, watenga botolo langa."

Amayi anayang'anana. Ana analipo, koma onse a kumsana. Panalibe woyenda yekha.

Ndi mayi Chingwalu amene anayamba kuona. Pachitseko, m'munsi, panali kadzanja ka mafuta konyezimira. Pakhoma pambali pake panali kena. Kutsogolo kena. Timanja timeneto tinatsata khoma lonse la khonde pamsinkhu wa ntchafu yanga, monga amayendera mwana akamagwira khoma posewera. Mayi Chingwalu anayamba kutitsata, atawerama, magalasi ali kunsonga ya mphuno. Amayi ankafutukula miyendo kuwapatsa njira. Phokoso lonse lija linazima, kunatsala injini yokha kuseri.

Ine ndinadziwa kumene tikupita tisanafike. Zaka zinayi. Msinkhu wake ukanakhala womwewo.

Timanja tinathera pabenchi yomaliza. Elube anali atakhala pamenepo, atauma ngati mtengo, manja onse awiri atakumbatira mimba. Kabotolo kaja kanali kataimikidwa bwinobwino pakati pa mapazi ake. Pachitenje chake, pabondo, panali tizala tisanu tonyowa.

"Achemwali," ananong'ona osandiyang'ana, "wabwera. Wabwera kudzatenga mnzake. Sindinamutchule, Mulungu ndi mboni, sindinamutchule."

Amayi amene anali pafupi anasuntha. Wina anayamba kupemphera chapansipansi.

Mayi Chingwalu sanafunse za botolo. Ananjuta patsogolo pa Elube mpaka nkhope zawo zinalingana.

"Mayi, ine za kuno sindizidziwa, ndipo zimene ndaona lero sindingazifotokoze. Ndingokufunsani funso limodzi la ntchito yanga. Mimbayi ndi yachingati?"

Elube anatseka maso n'kupukusa mutu. Mvula inayamba kudontha padenga, ndipo oyendetsa galimoto anaimba hutala kuti nthawi yatha.

Pamenepo ndi pamene ndinaona ngodya ya chitenje chake. Inali itanyamuka pang'ono, yokungika, ngati pali wina waigwira akukoka. Mphepo inkawomba kuchokera kuchipinda kupita kubwalo, koma nsaluyo inaloza kotsutsana ndi mphepo. Inakokedwa kamodzi, mofatsa, n'kukokedwanso.

Pakamwa pangapa pananditsegukira pokha.

"Elube, tsegula maso. Taona kumene akukukokera. Dambo lili uko, kumbuyo kwako. Iye akukukokera kuchipinda."

Anatsegula maso. Anayang'ana nsaluyo, anayang'ana chitseko cha chipinda chamdima. Anakhala choncho mpaka ine ndinaganiza kuti wakomoka ali maso. Kenaka anapumira m'mwamba.

"Yachiwiri," anatero. Mawu anatuluka osasa. Anabwerezanso mokweza kuti khonde lonse limve. "Ndi yachiwiri. Woyamba anabadwa wakufa. Ndi wanga, ndinamubereka ine."

Nsalu ija inagwa n'kulendewera ngati nsalu ina iliyonse.

"Tiyeni," anatero mayi Chingwalu. Anatola kabotolo kawo n'kukuwira oyendetsa kuti adikire.

Ulendo uno ndinalowa ngati gadiyani weniweni. Mafuta ozizira, kachipangizo, zamdimamdima, kenaka nkhope. Amayi inu, makutu a a Yotamu enieni, otambalala ngati a mleme. Elube anaseka misozi ikutsika. Mwanayo anali atafumbata kadzanja pachibwano ngati akuganizira milandu. Mtima zipinda zinayi, msana wotsekeka bwino, mutu wabwino, miyendo ikupalasa. Wamwamuna, ndipo sanabise n'komwe. Ine ndinavina pomwepo, m'kachipinda kopanikiza, mpaka ndinagunda tebulo.

Kenaka mayi Chingwalu anatsitsa kachipangizo kumunsi kwa mimba, n'kusiya kulankhula. Anayendetsa uku, anabwerera, anayatsa zofiira ndi zobiriwira zija. Anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso.

"Mwana ali bwino," anatero. "Koma mvetserani. Ichi mukuchiona apa ndi nsengwa, imene mwana amadyera. Imayenera kukhala m'mwamba, kuti mwana atsogole, iyo itsatire. Yanu yagona pakhomo penipeni pamene mwana ayenera kutulukira, yatseka njira yonse. Ndi manja sizimveka, n'chifukwa chake anesi sanaone. Matenda akangoyamba, nsengwayi ing'ambika, ndipo magazi ake saima. Mukakhala kumudzi, kutsidya kwa mtsinje wodzaza, simufika kuchipatala chachikulu. Inu ndi mwana yemwe."



"Ndiye titani, adokotala?" ndinafunsa.

"Kumudzi sabwererako. Akwera nafe galimoto lero lomwe, akakhale kuchidikiro kuboma, pafupi ndi madokotala. Nthawi ikakwana amuchita opaleshoni. Tikatero, onse awiri ali ndi mwayi waukulu." Anayang'ana Elube. "Mukanabwera mwezi wamawa, mayi, sindikudziwa ngati ndikanakupezani."

Anazimitsa makina. Kanema anada bii, n'kusanduka ngati galasi loonera. Ndinaonamo nkhope ya mayi Chingwalu, yanga, ndi ya Elube ali chigonere. Ndipo m'munsi, m'mphepete mwa bedi, panali kanthu kozungulira ngati kamutu, kakusuzumira, konyanyamphira kuti kaone. Sindinaone nkhope. Sindinacheuke. Mayi Chingwalu anaphimba kanemayo ndi nsalu mofulumira.

Tinatumiza uthenga kwa a Yotamu ndi mayi wina wa kwathu, ife n'kukwera galimoto mvula ikukhuthuka. Tinaoloka mtsinje madzi akufika m'matayala. Pampando panali malo okwanira, koma Elube anadzipanikiza kwa ine n'kusiya kampata pambali pake, chakuwindo.

Tinakhala pano milungu ingapo, ine ndikuphika pamafuwa omwewa. Nthawi zina tikamapita kumpopi ndinkamva timapazi pambuyo pathu pasimenti. Ndinazolowera, mpaka ndinkasiya kambatata pamphepete pa mbale. Tsiku la opaleshoni analikonza, koma mwanayo sanadikire. Lamulungu lina masana, tikudya, Elube anangoti achemwali, n'kuimirira. Magazi ake, amayi inu, sindinaonepo. Anesi anathamanga ndi kabedi ka matayala, madokotala anasiya mbale zawo. Kuchokera pachidikiro kufika kuchipinda cha opaleshoni ndi apa ndi apo, komabe anafika atayera maso. Ine ndinagwada pakhonde, pemphero linandisowa, ndinkangoti chonde, chonde.

Ndinamva kulira kwa khanda. Kenaka kunadutsa nthawi yaitali kwambiri anesi asanatuluke kudzandiuza kuti make nayenso ali moyo, amuthira magazi. Ndinagwa pansi n'kugubuduka, chitenje kutayika, a Yotamu amene anafika dzulo lake akungondiyang'ana misozi ili mbwee.

Tsiku lachitatu Elube anali atatsamira pilo, khanda lili pabere. Anandiitana ndi chala.

"Achemwali, munalipo inu tsiku lija kudambo."

"Ndinalipo."

"Anali mwana wanji?"

Mwambo umati usanene. Ndinayang'ana khanda lija likuyamwa, makutu ake ali penepene, n'kuganiza za amene analibweretsa kuno.

"Wamkazi," ndinatero. "Anali ndi tsitsi lambiri, lakuda bii, ngati lako."

Elube analira. Analira maliro amene anawameza zaka zinayi, mokweza, wodi yonse kumva. Anesi anabwera kuti amutontholetse chifukwa cha bala, ine ndinawaletsa ndi dzanja. Atatopa anapukuta maso n'kunena kuti dzina lake ndi Felesiya, dzina la malemu mayi athu. Analitchula kawiri, akuyang'ana m'mphepete mwa bedi.

Tonse awiri tinamva. Timapazi pasimenti, kuchoka pabedi, kudutsa pakati pa wodi, osafulumira. Chitseko chinatseguka pang'ono cham'munsi, n'kutsekeka.

Kuyambira tsiku limenelo sitinamvenso kanthu. Ine ndinapumira m'mwamba, sindinama. Mnyamata uja pano ali pasukulu, makutu ali pomwepo. Munthu akafunsa Elube kuti ana muli nawo angati, amayankha kuti awiri, ndipo amayi akumudzi anasiya kumudzudzula. Ndiye iwe Mwatitha, mawa ukalowe, ukagone pabedipo, ndipo chimene akakufunse ukayankhe chonse. Tenga nyembazi udye.

Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi ichi. Elube dambo lija salizunguliranso. Amadutsa pakati penipeni, ndipo akafika pa katsinde ka mkuyu kaja, kamene ndinadzamuonetsa, amayamba kuyenda pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Kaya mvula ikugwa, kaya tachedwa kutchalitchi, sasintha. Tsiku lina ndinapsa mtima, ndinati iwe fulumira, tinyowa. Anangondigwira mkono, maso ali kumatope.

"Musathamange, achemwali," anatero. "Mwina akubwera. Miyendo yake ndi yaifupi."